Kuchezerana kwa Abale ndi Utsogoleri wa Achinyamata mu Mpingo wa ku Mecanhelas

Mawu Oyamba

Mbiri ya parishi kawirikawiri imalembedwa kuchokera m'mabuku a ubatizo ndi a maukwati, pamodzi ndi zaka zimene matchalitchi anamangidwa ndi maina a ansembe amene anatumikiramo. Zonsezi n'zofunika ndithu, ndipo buku la chikumbutso silingazisiye. Koma m'boma la Mecanhelas, kumwera kwa chigawo cha Niassa, muli chinthu china chimene sichinalowe m'mabuku a ku ofesi, ngakhale kuti ndicho chinasunga Mpingo pa nthawi imene nyumba za njerwa zinalandidwa kapena kutsekedwa. Chinthucho ndi mwambo wa kuchezerana kwa abale, ndiponso anyamata ndi atsikana amene ankatumidwa kuchokera khomo lina kupita khomo lina. Nkhani ino ifotokoza m'mene mwambo wakalewo unaphunzitsira achinyamata utsogoleri, ndi m'mene Mpingo unapulumukira nawo pa zaka za mavuto.

Dziko la Pakati pa Nyanja

Chigawo cha Niassa ndicho chachikulu koposa zigawo zonse za Mozambique, koma anthu a ku likulu akhala akuchiona ngati malekezero a dziko. Kuchokera ku Maputo kufika ku Mecanhelas pa msewu ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000, pamene Liwonde ndi Zomba, mizinda ya ku Malawi, ili pafupi kwambiri. Likulu la boma la Mecanhelas ndi Insaca. Kuzambwe kwake kuli nyanja ya Chilwa, imene Apwitikizi ankailemba kuti Chirua, ndi nyanja ya Chiuta, imene madzi ake amatsikira ku Amaramba ndi kukayamba mtsinje wa Lugenda. Nyanja ya Chilwa ilibe kotulukira madzi, ndipo pakati pa iyo ndi Chiuta pali mtunda wamchenga. Ndicho chifukwa chake malo a pa malire anatchedwa Entre-Lagos, kutanthauza kuti pakati pa nyanja.

Moyo wa tsiku ndi tsiku m'dzikoli wakhala ukutsata mvula ndi nyanja. Kumtunda anthu amalima chimanga, chinangwa, mapira, nandolo ndi nyemba. M'madambo amabzala mpunga. Asodzi amalowa ndi mabwato m'kati mwa njedza kukatchera mono ndi kukoka makoka, ndipo amatuluka ndi matemba, milamba ndi makumba, zimene amayi amayanika kapena kuwamba kuti zikagulitsidwe kutali. Nyanja ikaphwa, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995, njala imalowa m'midzi ya m'mphepete, ndipo mabanja amadalira abale a kumtunda.

Anthu a kuno ndi a mitundu ingapo: Amakhuwa, makamaka Ashirima, ndiponso Alomwe, Anyanja ndi Ayao. Malire amene Apwitikizi ndi Angerezi anagwirizana mu 1891 anadula pakati pa mabanja amene anali amodzi. Chigawo cha Niassa chinali m'manja mwa kampani yotchedwa Companhia do Niassa kufikira 1929, ndipo pa zaka zimenezo ndi pambuyo pake anthu ambirimbiri, makamaka Alomwe, anaolokera ku Nyasaland pothawa msonkho ndi chibalo, ena nakalowa ntchito m'minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi ku Thyolo. Motero panalibe mudzi wopanda mbale kutsidya kwa malire.

Ulendo wa Chibale

Mitundu inayi yonseyi imawerenga chibale kudzera kwa amayi, ndipo mwa mwambo mwamuna amakakhala chikamwini kwa mkazi wake. Amakhuwa amatchula fuko la kuchikazi kuti nihimo, ndipo pambali pa mwene, amene ndi mfumu, pamakhala mayi wamkulu wotchedwa apwiyamwene, wosunga miyambo ya mbumba. Chotsatira chake n'chakuti mwamuna aliyense amakhala ndi midzi iwiri. Kumene anakwatira ndi mkamwini, wolima munda wa apongozi. Kumene anabadwira ndi malume, mwini mbumba, amene ayenera kumva za matenda, maukwati ndi milandu ya ana a alongo ake. Udindo umenewu sungachitike munthu atakhala pansi. Kuchezerana sikunali kutaya nthawi ayi, koma ntchito yeniyeni imene inkagwirizanitsa mudzi ndi mudzi.

Ulendo wotere unali ndi malamulo ake. Mlendo ankaima patali pang'ono ndi khomo nanena odi. Sankayamba kulankhula asanamuyalire mphasa ndi kumulonjera. Malonje ankaperekedwa mwa dongosolo, kuyambira za moyo wa akuluakulu, za ana, za mvula ndi za m'munda, ndipo nkhani imene wadzera inkabwera potsiriza. Sankafika chimanjamanja: a ku nyanja ankanyamula matemba, a kumtunda ufa kapena nandolo. Eni nyumba ankagwira nkhuku ngakhale ikhale yomaliza, pokumbukira kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pochoka ankamupatsa kamba wa pa njira ndi kumuperekeza mpaka pa mphambano. Zambiri mwa izi zikusungidwabe m'midzi.

Pa maulendo amenewa ana ndi achinyamata anali ndi gawo lalikulu, pakuti iwo ndiwo anali ndi miyendo. Mnyamata ndiye ankathamangitsidwa usiku kukanena za maliro. Mtsikana ndiye ankaperekeza agogo ake kukazonda wodwala, kapena kutumidwa kukathandiza mchemwali wake amene ali m'chikuta. Asanathe msinkhu, mwana wa m'mudzi anali atadziwa kale kugwada pamaso pa akulu, kusunga uthenga m'mutu osausintha, kudikira nthawi yake yolankhula, ndi kuzindikira nyumba imene muli njala ngakhale eni ake asanene. Amishoni pofika anapeza nzeru zimenezi zilipo kale, ndipo Mpingo unamanga pamwamba pake.

Kufika kwa Amishoni

Ansembe a chipani cha Consolata, chimene Giuseppe Allamano anayambitsa ku Torino m'dziko la Italy mu 1901, anafika m'dziko la Mozambique mu 1925. Mu 1926 Bambo Pietro Calandri analowa m'chigawo cha Niassa, nayamba kukhala ku Mandimba, ndipo mu 1928 anatsegula mishoni ya Massangulo pakati pa Ayao. Patapita zaka khumi ntchito inatsikira kumwera: Mepanhira, m'dera la Mecanhelas, inatsegulidwa mu 1938, Mitúcue kufupi ndi Cuamba mu 1939, ndi Maúa mu 1940. Kuyambira 1940 mishoni zimenezi zinali pansi pa dayosizi ya Nampula, kufikira 1963 pamene inakhazikitsidwa dayosizi ya Vila Cabral, imene kuyambira 1976 ikutchedwa Lichinga. Episkopi wake woyamba anali Ambuye Eurico Dias Nogueira, ndipo mu 1972 anawalowa m'malo Ambuye Luís Gonzaga Ferreira da Silva, amene anaweta nkhosa za ku Niassa kufikira 2003.

Mu 1940 dziko la Portugal linapangana ndi Apapa za ntchito ya amishoni, ndipo lamulo la 1941 linapereka maphunziro oyamba a ana a eni dziko m'manja mwa mishoni za Katolika. Maphunzirowo ankatchedwa ensino rudimentar, ndipo kuyambira 1956 ensino de adaptação. Lamulo linkati sukulu iphunzitsidwe m'Chipwitikizi, koma chipembedzo chinkaloledwa kuphunzitsidwa m'chilankhulo cha anthu. Tsono mwana ankawerenga ndi kuwerengera m'chilankhulo chachilendo, koma ankapemphera m'chilankhulo cha amayi ake, ndipo ndi mapempherowo amene ankatha kuwatengera kunyumba. Kunena zoona, sukulu zimenezi zinali zosauka, ndipo ana owerengeka okha ndiwo ankapitirira makalasi oyamba. Cholinga cha Boma sichinali kukweza eni dziko. Komabe m'menemo ndimo munatuluka anthu oyamba odziwa kuwerenga m'midzi yambiri.

Wansembe sankatha kufika m'mudzi uliwonse koposa kangapo pa chaka. Amene ankakhala ndi anthu anali mphunzitsi, yemwe analinso katekista, m'kanyumba ka mitengo ndi udzu kamene pakati pa mlungu kanali sukulu, pa Lamulungu tchalitchi. Iyeyu sankatha kulemba mwana ngakhale mmodzi asanakachezere mwene ndi amalume a mwanayo, chifukwa m'chikamwini mawu a bambo womubereka okha sakwana. Ntchito itamuchulukira, ankasankha ana okulirapo kuti aziphunzitsa ang'onoang'ono mapemphero, kuitana amene ajomba, ndi kumuperekeza kwa odwala. Awa ndiwo anali atsogoleri oyamba achinyamata, ngakhale kuti panalibe amene ankawatchula choncho. Nawonso ana ogonera ku mishoni, pobwerera kwawo pa tchuthi, ankazungulira kwa agogo, kwa amalume ndi kwa azakhali monga mwa mwambo, ndipo madzulo pa bwalo ankafunsidwa kuti aimbe ndi kunena zimene aphunzira. Akatekumeni ambiri anamva dzina la Yesu Khristu koyamba kuchokera pakamwa pa mdzukulu.

Chibale sichinkasankha chipembedzo. M'mabanja ambiri munali Asilamu, Akhristu ndi osunga miyambo ya makolo, ndipo onse ankakumana pa maliro, pa sadaka ndi pa zinamwali. Mkhristu wachinyamata ankaphunzira kusunga chikhulupiriro chake popanda kunyoza malume amene amapita ku mzikiti, pakuti chibale ndi fupa, sichiola.

Thonje, Njanji ndi Nkhondo Yoyamba

Kuyambira 1938 kufikira 1961 Boma la Apwitikizi linkakakamiza anthu kulima thonje. Munda unkayezedwa ndi akapitawo, mtengo unkaikidwa ndi ogula, ndipo wolephera ankakumana ndi asipayi ndi mbalamatodya. Thonje linkadya nthawi yolimira chakudya, ndipo munthu sankaloledwa kuyenda kutali popanda chiphaso. Apa maulendo a chibale anakhalanso njira ya chipulumutso: ambiri ankatsazika kuti akukazonda mbale ku Nyasaland, osabwereranso. Amene ankabwerera ankanyamula sopo, mchere ndi nsalu, ndipo Akhristu ankabweranso ndi mabuku a Chinyanja a mapemphero ndi nyimbo. Baibulo la Akatolika la Malembo Oyera litatuluka mu 1966, linaoloka malire m'mitolo ya alendo. Msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri, wa 1962 mpaka 1965, utalola kuti Misa ichitike m'zilankhulo za anthu, achinyamata odziwa kuwerenga ndi kuimba anayamba kufunika kwambiri pa guwa.

Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 25 Sepitembala 1964, ndipo inagwira kwambiri kumpoto kwa Niassa, kumene Apwitikizi anasonkhanitsa anthu m'midzi yolondedwa ndi asilikali. Mu 1970 njanji yochokera ku Nova Freixo, kumene tsopano ndi Cuamba, inadutsa pa Entre-Lagos ndi Nayuchi nikalumikizana ndi njanji ya ku Malawi pa Nkaya. Ulendo umene unkatenga masiku unayamba kutenga maola, ndipo abale a mbali ziwirizi anayamba kuonana kawirikawiri.

Mpingo Ubwerera M'nyumba

Dziko linalandira ufulu pa 25 Juni 1975, ndipo anthu anasangalala kwakukulu. Koma pa 24 Julayi chaka chomwecho Boma latsopano linatenga sukulu ndi zipatala zonse, kuphatikizapo za mishoni. Mu 1977 chipani cha Frelimo chinalengeza kuti chikutsata chiphunzitso cha Marx ndi Lenin, ndipo m'zaka zotsatira matchalitchi ambiri m'dziko anatsekedwa, ansembe anasonkhanitsidwa m'matauni, ndipo maulendo awo a m'midzi analetsedwa kapena kuchepetsedwa. Magulu a achinyamata a Mpingo analibenso malo, pakuti Boma linafuna kuti onse alowe m'bungwe lake la OJM, limene linakhazikitsidwa mu 1977. M'midzi yatsopano ya pamodzi, imene anthu ankasamutsidwiramo, kawirikawiri munalibe malo a tchalitchi. Mphunzitsi wa mishoni anasanduka wantchito wa Boma, ndipo kuphunzitsa katekisimu kukanamutayitsa ntchito.

Pa nthawi imeneyi, mu Sepitembala 1977, maepiskopi, ansembe, asisitere ndi Akhristu eni ake anasonkhana ku Beira pa msonkhano woyamba wa dziko lonse wa za ubusa. Anagwirizana kuti Mpingo usadalirenso nyumba zazikulu ndi antchito olipidwa, koma ukhale wa miphakati ing'onoing'ono, momwe Akhristu amasankhana okha pa maudindo osalipidwa: mkulu wa mphakati, wofotokoza Mawu a Mulungu, wophunzitsa akatekumeni, woyendera odwala ndi osauka, wotsogolera maliro, wolangiza mabanja. Dayosizi ya Lichinga inatsata njira imeneyi ndi mtima wonse, ndipo ansembe ochepa amene anatsala anaika mphamvu zawo pa kuphunzitsa atsogoleri. Ena mwa iwo anazama m'chilankhulo ndi miyambo ya anthu: Bambo Francisco Lerma Martínez, amene pambuyo pake anakhala episkopi wa Gurúè, analemba buku la chikhalidwe cha Amakhuwa, ndipo Bambo Giuseppe Frizzi ku Maúa anagwira ntchito yomasulira Baibulo m'Chishirima.

Kwa anthu a ku Mecanhelas chiphunzitso cha ku Beira sichinali chachilendo kwenikweni, chifukwa chinafanana ndi m'mene mbumba imadzisamalira. Tchalitchi chikhoza kutsekedwa ndi loko, koma panalibe lamulo limene likanaletsa mdzukulu kukaona agogo ake, kapena mnansi kukakhala pa siwa. Tsono mapemphero anasamukira pansi pa mitengo ya mango ndi m'makonde a nyumba. Kolona ya mwezi wa Meyi ndi wa Okutobala inkayenda nyumba ndi nyumba. Akuluakulu ndiwo ankakhala pa mipando ya mphakati, koma ambiri mwa iwo sankatha kuwerenga, ndipo maso ndi miyendo yawo anali achinyamata. Iwowa ndiwo ankawerenga Mthenga Wabwino ndi kuumasulira kuchokera m'Chipwitikizi, kukopera nyimbo ndi mapemphero m'makope chifukwa mabuku anali osowa, kusunga maina a akatekumeni, ndi kuyenda mitunda italiitali kukauza miphakati ina tsiku limene wansembe waloledwa kufika.

Ntchitoyi inali ndi mtengo wake. Wophunzira wodziwika kuti amatsogolera mapemphero ankatha kunyozedwa pa msonkhano kuti ndi wa maganizo akale, ndipo ena anaopa kutaya malo a sukulu nasiya. Sikoyenera kuwaweruza. Koma amene anapirira anaphunzira utsogoleri wopanda malipiro, wopanda yunifolomu ndi wopanda ofesi, umene mphamvu yake inali yakuti eni nyumba akudziwa mwana wa yani amene wanena odi pakhomo. Mu Disembala 1982 Pulezidenti Samora Machel anakumana ndi atsogoleri a zipembedzo, ndipo zinthu zinayamba kufewa pang'onopang'ono. Koma pamenepo tsoka lina linali litayandikira.

Zaka za Kuthawa

Nkhondo ya pakati pa Boma la Frelimo ndi gulu la Renamo inafika kumwera kwa Niassa cha m'ma 1983 ndi 1984, ndipo mu 1984 sitima za pa njanji ya ku Nacala zinaleka kufika ku Malawi. Kuyenda kunasanduka chinthu choopsa. Woyenda ankafunika kalata ya ulendo yotchedwa guia de marcha, m'njira munali mabomba okwirira, ndipo munthu wochokera dera lolamulidwa ndi mbali ina ankaganiziridwa kuti ndi kazitape. Achinyamata ndiwo anali pa ngozi yaikulu koposa, chifukwa anyamata ankagwidwa kuti akamenye nkhondo kapena kusenza katundu, ndipo atsikana ankatengedwa mokakamiza. Mabanja anagawanika, ena ku tauni, ena ku thengo, ndipo panapita zaka mayi osadziwa ngati mwana wake ali moyo.

Ngakhale zinali choncho, miphakati siinafe. M'madera amene wansembe sanapondemo kwa zaka zambiri, Akhristu ankabatiza ana awo, kuika maliro awo ndi kusonkhana pa Lamulungu, ndipo atumiki ena ankayenda masiku angapo kukatenga Ukaristia ku parishi kumene kunali wansembe. Akatekista ambiri m'dziko anafera ntchito imeneyi. Ku Guiúa, m'chigawo cha Inhambane, akatekista ndi a m'mabanja awo oposa 20 anaphedwa pa 22 Malichi 1992 ali pa maphunziro. M'dayosizi ya Lichinga momwe, ku Nipepe, kuvuma kwa Niassa, anthu oposa 200, pakati pawo akatekista ndi mabanja awo, anabisala m'tchalitchi mu Januwale 1989, ndipo madzi ochepa a m'chitsime cha ubatizo anawakwanira masiku angapo. Mpingo unavomereza ichi ngati chozizwitsa mwa mapemphero a Sisitere Irene Stefani wa Consolata, amene anatchulidwa Wodala ku Nyeri m'dziko la Kenya pa 23 Meyi 2015.

Kwa anthu a ku Mecanhelas khomo lothawira linali la kuzambwe. Kuyambira 1986 anthu anayamba kukhamukira ku Malawi, ndipo pofika 1992 dzikolo linkasunga othawa nkhondo a ku Mozambique oposa 1,000,000. Ambiri anakhala m'misasa, koma ambirinso analandiridwa m'midzi ya abale, m'maboma a m'malire monga Machinga, Mangochi ndi Mulanje. Apa ndi pamene zinaoneka kuti kupatsa n'kuika. Nkhuku zimene zinaphedwera alendo pa zaka makumi ambiri zinabwerera ngati malo omangapo kanyumba ndi kachigawo ka munda. Munthu amene agogo ake ankasunga ulendo wa chibale anapeza khomo lotseguka. Amene banja lake linaleka kuyendera abale anafika ngati mlendo weniweni.

Ku Malawi othawawo anapeza Mpingo umene unali utasankhanso njira ya miphakati, potsata msonkhano wa maepiskopi a kuvuma kwa Africa wa ku Nairobi mu 1973. Achinyamata analowa m'makwaya ndi m'magulu a parishi za kumeneko, anaphunzira sukulu m'Chichewa, ndipo m'misasa anathandiza akatekista kusonkhanitsa Akhristu omwazika. Papa Yohane Paulo wachiwiri anayendera Mozambique mu Sepitembala 1988, nafika mpaka ku Nampula, ndipo mu Meyi 1989 anayendera Malawi. Othawa nkhondo anaona kuti Mpingo sunawaiwale.

Mtendere ndi Masiku Ano

Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves, arkiepiskopi wa Beira. Pakati pa 1993 ndi 1995 anthu anabwerera, napeza midzi itamera thengo. Ntchito yoyamba ya miphakati inalinso ya maulendo: kufunafuna amene anatsala ndi moyo, kulira maliro amene sanaliridwe, kulemba maina a obatizidwa ku thengo ndi ku Malawi, ndi kukonza maukwati amene anayamba pa nthawi ya chipwirikiti. Chovuta koposa chinali kulowa m'nyumba ya munthu amene mwana wake anamenyera mbali ina. Pamenepa mwambo wa mphasa ndi malonje unathandiza kwambiri, chifukwa umakakamiza munthu kufunsa za moyo wa mnzake asanatchule mlandu. Achinyamata amene anakulira ku Malawi anabwera ndi nyimbo zatsopano ndi luso loyendetsa magulu, ndipo ambiri mwa akulu a miphakati ndi akatekista a lero anachokera mwa iwo.

Kuyambira pamenepo moyo wasintha. Kalembera wa 2007 anapeza anthu oposa 150,000 m'boma la Mecanhelas, ndipo chiwerengero chakhala chikukwerabe. Ambiri mwa anthuwa ndi ana ndi achinyamata amene sanaione nkhondo. Fodya wakhala mbewu yogulitsa. Njinga zakapalasa ndi zamoto zafupikitsa mitunda, m'misika ya m'malire metikali ndi kwacha zimayendera limodzi, ndipo njanji itakonzedwanso, sitima zazitali za malasha a ku Moatize zimadutsa pa Entre-Lagos kupita ku Nacala. Uthenga wa maliro umene kale unkathamangitsa mnyamata usiku wonse tsopano umafika pa foni m'kanthawi kochepa.

Zimenezi n'zabwino, koma zabweretsa funso limene parishi iyenera kuliyankha. Mwana amene satumidwanso saphunziranso zimene ankaphunzira potumidwa. Gulu la achinyamata likhoza kukhala ndi wapampando, mlembi, msungichuma ndi nsalu yofanana, koma osadziwa kuti ndi nkhalamba iti ya m'mphakati imene yagona ndi njala. Pamenepo mavuto a m'nyumba sanachepe. Nyanja ya Chilwa inaphwanso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018, ndipo anyamata ambiri amapita ku Cuamba, ku Nampula ndi ku South Africa kukafuna ntchito, kusiya agogo ndi ana okha. Atsikana ambiri amakwatiwa asanakhwime. Lamulo la 2019 likuletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, koma lamulo lili pa pepala, pamene nkhani ya ukwati imakambidwa pa mphasa pakati pa makolo ndi amalume. Wofuna kupulumutsa mtsikana kuti apitirize sukulu ayenera kudziwa khomo loyenera kugogoda ndi mawu oyambira. Papa Fransisko, polankhula ndi achinyamata a zipembedzo zosiyanasiyana ku Maputo pa 5 Sepitembala 2019, anawalimbikitsa za chiyanjano ndi za kusataya okalamba awo. Uphungu umenewo anthu a pakati pa nyanja anaudziwa kale, koma mbadwo uliwonse uyenera kuuphunziranso.

Mawu Otsiriza

Pa 31 Meyi chaka chilichonse Mpingo umakumbukira ulendo wa Maria Virigo Woyera kwa mbale wake Elizabeti. Mlaliki Luka akusimba za mtsikana amene, atamva kuti mbale wake wokalamba ali ndi pakati, ananyamuka msanga kupita ku dziko la mapiri, nalonjera, nakhala kumeneko miyezi itatu. Mkhristu wa ku Mecanhelas safuna womasulira kuti amve nkhani imeneyi, pakuti ndiwo ulendo umene atsikana a kuno akhala akutumidwa kuyambira kale.

Kuchokera 1926, pamene amishoni oyamba a Consolata analowa mu Niassa, kufika 2026 ndi zaka 100. M'zaka zimenezi sukulu zinamangidwa ndi kulandidwa, matchalitchi anatsekedwa ndi kutsegulidwanso, midzi inathawidwa ndi kumangidwanso. Chimene sichinaduke ndi ulendo wa mbale kwa mbale. Choncho pothokoza Mulungu chifukwa cha maepiskopi, ansembe ndi asisitere amene maina awo alembedwa, n'koyenera kukumbukiranso anyamata ndi atsikana osalembedwa amene ananyamula kope la mapemphero pansi pa matemba m'dengu. Ndipo makolo ndi akulu a miphakati, posankha atsogoleri a achinyamata, asayambe kufunsa za mawu okoma pa kwaya kapena za makalasi amene munthu anafika. Ayambe afunsa ngati iyeyo amadziwa makomo a m'mphakati mwake, ndiponso ngati odwala ndi okalamba amamuzindikira mawu akanena odi.